Akuti akuisowa nthawi ya korona, kodi akulakwa?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito ku mgodi ku Moatize koma kwawo ndi ku Domue konkuno ku Angónia. Akuti mu 2020 ntchito itachepa anabwerera kumudzi nkukhala miyezi ingapo ndi mayi awo, akazi awo ndi ana, ndipo chibadwire sanapumepo ngati nthawi imeneyo. Pano abwereranso mu piringupiringu, kudzuka kusanache kuweruka kutada, banja lili kumudzi amangolimva pa foni. Nde akufunsa kuti kodi si tchimo kuisowa nthawi imene anthu ena amaika maliro, nanga kamtendere kaja angakapezenso bwanji.

Achimwene, musadziimbe mlandu. Matendawo simukuwasowa ayi, palibe munthu angawasowe, chimene mtima wanu ukulira ndi kudya nsima mbale imodzi ndi ana anu popanda kuyang'ana wotchi, ndipo chimenecho nchabwino.

Koma tikumbutsane kaye mmene zinalili chifukwa zaka zikamapita timakumbukira zokoma zokha. Munthu woyamba kupezeka ndi korona mu Mozambique analengezedwa pa 22 Malichi 2020, mawa lake masukulu anatsekedwa, kenako a Filipe Nyusi, amene anali pulezidenti nthawi imeneyo, analengeza estado de emergência (malamulo apadera a nthawi ya ngozi) kuyambira pa 1 Epulo ndipo anaionjezera kangapo mpaka mu Seputembala pomwe tinalowa mu calamidade pública (malamulo a nthawi ya tsoka logwera dziko). Kuno sanatitsekere mnyumba ngati ku South Africa, kumunda timapita, kumsika timapita, koma matchalitchi ndi mabaraka (malo omwera mowa) anatsekedwa, ma chapa (maminibasi) anauzidwa kuti achepetse anthu, ndipo kudutsa malire a Malawi pa Zóbuè kapena pa Calómuè sikunali kongodzuka nkupita ngati kale. Kutsidyaku ku Malawi boma linafuna kutseka dziko mu Epulo momwemo koma khoti linaletsa, chifukwa anthu amafunsa kuti tikakhala pakhomo tidya chani.

Funso limenelo ndi limene sindifuna muliiwale. Inu munapuma chifukwa kumudzi kunali chimanga ndipo kamalipiro kamabwerabe olo pang'ono. Mayi amene amagulitsa mandasi pa geti ya sukulu sanapume, ana atasiya kubwera nayenso malonda anathera pompo. Anyamata a njinga za kabaza, makondakitala a chapa, azimayi odutsitsa mbatatesi ndi nyemba pa malire, onsewa masiku amenewo amawakumbukira ngati masiku a njala ndi ngongole. Ndiye mukamakamba za mtendere uja pagulu muzikamba modziwa kuti wina amene wakhala pambali panupo anagulitsa mbuzi zake zonse chaka chimenecho.

Ndipo chimene chimandipwetekabe ine mpaka lero ndi maliro. Lamulo linati pa maliro pasapitirire anthu 20. Anthu 20! Kwa ife Achewa ndi Angoni maliro ndi a mudzi wonse, azimayi kugona pa siwa akuimba usiku wonse, adzukulu kumanda mmamawa, wina kubwera ndi nkhuni wina ndi kaufa mkambale, mafumu kulankhula. Zonsezo zinadulidwa, ndipo pali anthu amene sanaike makolo awo, anangomva pa foni kuti zatheka. Mu 2021 chapakati pa chaka matenda atabweranso mwamphamvu, Tete inali mmodzi mwa zigawo zimene zinavutika kwambiri. Olo katemera anali atayamba kale mu Malichi chaka chimenecho, ambiri anali asanabayitse.

Komabe zimene munaonazo nzoona, inenso ndinaziona kuno ku Ulónguè. Estado de emergência inagwa ndendende nthawi yokolola, ndipo kwa nthawi yoyamba ana amene amangodziwa chimanga chili mthumba anaima mmunda nkumasenza mitolo. Maphunziro amaulutsidwa pa wailesi ndi pa TV koma tinene zoona, ana ambiri anaphunzira zambiri pabwalo kuposa pa wailesipo. Pafupi ndi kwathu pali agogo ena aakazi amene anaphunzitsa mdzukulu wawo kufutsa nkhwani, kuwafwafwaza pang'ono mmadzi otentha, kuwayanika pa mphasa, kuwatembenuza, mpaka kumanga chikwatu, mtsikanayo poyamba amakana kuti ndi zachikale koma mmene Juni imafika kuzizira kuja kwa kuno kutayamba, anali iye amene amatulutsa mfutso nkutendera yekha. Pa geti panali chidebe cha madzi ndi sopo, pakhonde telala akusoka masiki a tizidutswa ta kapulana, ndipo madzulo anthu amaotha moto limodzi chifukwa kunalibe kopita. Azibambo ambiri ndi nthawi imeneyo anadziwa kuti mwana wawo wachiwiri amaopa mdima kapena kuti wamkulu amatha kukonza wailesi.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Ine ndimaona kuti korona sinatipatse nthawi yatsopano ayi, inangochotsa zinthu zimene zimatidyera nthawi, ndipo zinthuzo zitabwerera tinazilandira zonse osasankha. Zina nzokakamiza, shifiti ya ku mgodi simungaisinthe inu, ana akufunika makope ndi yunifolomu. Koma khalani pansi muone bwino sabata yanu, mupeza kuti Loweruka masana limathera pa baraka ndi anzanu omwe mwakhala nawo sabata yonse, Lamulungu misonkhano iwiri itatu imene munalowa chifukwa chochita manyazi kukana, usiku foni mmanja pa Facebook ndi ma gulupu a WhatsApp mpaka tulo. Zimenezo palibe bwana anakulamulani. Sindikunena kuti musiye kucheza, munthu amene ali kutali ndi kwawo amafuna anzake makamaka mu kutentha kwa ku Moatize kuja, koma mu 2020 munakhala popanda zambiri mwa izo ndipo mwanena nokha kuti mumagona bwino.

Ndipo chonde muwafunse akazi anu mmene iwo anaionera nthawi ija musanaganize kuti nonse munapuma mofanana. Mmakomo ambiri abambo akupuma, amayi ntchito inachuluka, kutunga madzi osamba mmanja, kuphikira anthu ambiri katatu patsiku, ana osapita kusukulu. Mwina chimene iwo anakonda ndi choti mumawathandiza kusenza nkhuni, mwinanso chimene akufuna pano ndi choti banja lisamukire pafupi ndi ntchito yanu, simungadziwe musanafunse.

Chomaliza ndi nkhani ya tchuthi. Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa munthu amene wagwira zaka zingapo masiku 30 pa chaka, ndipo ambiri timathamangira Disembala pomwe ma chapa adzaza, ndalama zikuthera mu zikondwerero ndipo kumudzi aliyense ali kalikiliki ndi kupalira. Yesani kupempha masiku anu mu Epulo kapena Meyi, nthawi yomwe ija munali kumudzi mu 2020, mukakolole ndi ana anu ndipo mayi anu akuoneni masana osati pa maliro pokha. Kalankhuleni ndi abwana anu chaka chikangoyamba, ndandanda ya tchuthi isanadzaze.