Usiku wa chisankho: manambala akasintha, ndiye kuti atibera?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti pa chisankho cha pa 16 September 2025 adachezera usiku wonse foni ili m'manja, kutsatira zotsatira pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Chakumadzulo munthu amene iye ankafuna kuti apambane ankaoneka kuti ali patsogolo, koma pofika m'mawa manambala anali atatembenuka. Funso lake ndi ili: "Kodi zikasintha chonchi si ndiye kuti atibera? Nanga n'chifukwa chiyani bungwe loyendetsa zisankho la MEC limatenga masiku ambirimbiri pamene mavoti amawerengedwa tsiku lomwelo?"

Achimwene, zikomo polemba. Mtima umene munali nawo usiku umenewo ndikuudziwa, ndipo kwa inu amene muli kunja umapweteka kawiri, poti lamulo lathu silinakupatseni mwayi woponya voti muli komweko. Chomwe mungathe n'kungoyang'ana basi.

Ndiyambe ndi zomwe ndidaona ndi maso anga pa sukulu ya pulaimale ya kwathu, pomwe ndimaponyera voti. Mzere utatha, bokosi lidatsegulidwa pomwepo, m'kalasi momwemo, mamonita a zipani atazungulira. Mdima utagwa adayatsa nyali. Mkulu woyang'anira malowo ankatola pepala limodzilimodzi, kulikweza m'mwamba kuti aliyense aone pomwe pachongedwa, kenako n'kuliika pa mulu wake. Pepala lina lidabweretsa mkangano ndithu, chifukwa wovotayo adadinda chala pakati pa anthu awiri, ndipo adakambirana mpaka kugwirizana kuti ndi voti yowonongeka. Ife tinali panja, kusuzumira pazenera, kumawerenga nawo chamumtima. Atamaliza, adalemba manambala pa fomu, mamonita adasayina, aliyense n'kulandira pepala lake, lina n'kumatidwa poti aliyense awerenge.

Pepala limenelo ndilo chisankho. Zina zonse zimene mumaziona usiku umenewo zimachokera pamenepo, kapena sizichokera paliponse.

Tsono taganizani kuti malo oterewa alipo masauzande m'dziko lonse, ndipo samaliza nthawi imodzi. Ena ali m'tauni momwe mtolankhani ali pompo ndi foni yake. Ena ali kuseri kwa mapiri, komwe galimoto yonyamula mabokosi ifika m'bandakucha. Wailesi monga Zodiak zimaulutsa zotsatira zosatsimikizika malinga ndi momwe zikufikira, ndipo zimanena momveka kuti n'zosatsimikizika, koma khutu la munthu amene akufuna kupambana mawu amenewo siliwamva.

Chachikulu n'chakuti kuno kwathu anthu a dera limodzi amakonda kuvotera mbali imodzi. Zikayamba kufika za ku Dowa, Ntchisi, Kasungu ndi kumidzi ya Lilongwe, mudzaona MCP ikuthamanga. Zikalowa za ku Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, DPP imakwera ngati madzi osefukira. Palibe voti yomwe yasuntha pamenepo. Mavoti onse adali kale m'mabokosi kuyambira masana, chomwe chikusintha ndi dongosolo lomwe mukuwamvera. Ndiye munthu akakutumizirani nambala, funso loyamba lisakhale lakuti akutsogola ndani. Mufunseni kuti zachokera maboma ati, ndipo atsala ati. Likoma yonse ikhoza kumaliza msanga, koma anthu ake sangafanane ndi dera limodzi la phungu ku Lilongwe.

Musandimve ngati ndikunena kuti chinyengo kapena zolakwika sizichitika. Tonse tikukumbukira 2019. Pa chisankho cha pa 21 May chaka chimenecho, zotsatira zoyambirira zidaonetsa a Lazarus Chakwera ali patsogolo pang'ono, kenako a Peter Mutharika n'kuwapitirira, ndipo pa 27 May MEC idalengeza kuti a Mutharika apambana ndi mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Chakwera 35.41, malemu a Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kudali mavoti pafupifupi 159,000 okha. Pa 3 February 2020 majaji asanu a khothi loona za malamulo aakulu a dziko adathetsa zotsatirazo. Koma onetsetsani chomwe chidawakhutiritsa. Sikudali kutembenuka kwa manambala usiku. Adali mapepala: mafomu ofufutidwa ndi Tipp-Ex, mafomu ena omwe sadali enieni oyambirira, ena opanda siginecha. Mlandu udapambana chifukwa panali anthu amene adasunga mapepala awo a pa malo oponyera voti, n'kuwayerekeza ndi zomwe zidalengezedwa. Khothi lomwelo lidatanthauziranso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, zija timati 50+1, ndipo pa chisankho chobwereza cha pa 23 June 2020 a Chakwera adapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100.

Apa ndi pomwe yankho la funso lanu lachiwiri likuchokera. Lamulo limapatsa MEC masiku 8 kuti ilengeze zotsatira za mtsogoleri wa dziko. Kuwerenga kumatha usiku womwewo, inde, koma pepala lija liyenera kuyenda: kuchoka pa sukulu kupita ku likulu la dera, kuchoka apo kupita ku khonsolo, kenako ku likulu lophatikizira zotsatira za dziko lonse, lomwe mu 2025 lidali ku BICC ku Lilongwe. Makhonsolo alipo 36. Kumeneko amayenera kuona ngati masamu akugwirizana, ngati onse adasayina, komanso kuyankha madandaulo a zipani asanalengeze. Mu 2025 wapampando wa MEC, Justice Annabel Mtalimanja, adagwiritsa ntchito masiku onsewo, ndipo zotsatira zidatuluka pa 24 September: a Mutharika 56.8 pa 100, a Chakwera 33. A Chakwera adali atavomereza kale kugonja tsiku lomwelo MEC isanalengeze. Ine maganizo anga ndi akuti pambuyo pa zomwe tidaona mu 2019, kulibwino ndidikire masiku 8 kusiyana n'kudikira chaka chathunthu dziko lili pa zionetsero ndi m'makhothi. Komabe ndimaidandaulira MEC pa chinthu chimodzi: ikakhala chete nthawi yaitali, mpata umenewo umadzazidwa ndi mabodza. Kulankhula pafupipafupi, ngakhale kungonena kuti makhonsolo akutiakuti afika, kumatsitsa mitima ya anthu.

Mwatchulanso za ku America, kuti kumeneko amadziwa usiku womwewo. Zimene mumaona pa kanema ndi kulosera kwa nyumba zoulutsa nkhani, osati chilengezo cha boma. Mu 2020 adaponya voti Lachiwiri pa 3 November, koma nyumbazo zidatchula Joe Biden ngati wopambana Loweruka pa 7, ndipo nakonso manambala adatembenuka m'madera ena chifukwa mavoti otumizidwa pa positi adawerengedwa mochedwa.

Chimene chimandiopsa ine kwambiri usiku wotere ndi chipani chimene chimathamangira kuitana atolankhani n'kunena kuti chapambana. Mu 2025 mbali zonse ziwiri zikuluzikulu zidachita zimenezi MEC isanalankhule. Anyamata akamva kuti "tawina" amayamba kuvina m'misewu, ndipo mawa lake akauzidwa zosiyana, palibe amene angawatsimikizire kuti sadaberedwe. Masitolo amene amaswedwa pambuyo pake amakhala a anthu wamba, mwina a mlongo wanu yemwe mumamutumizira mpamba kuchokera ku Joniko.

Ndiye ulendo wina, achimwene, chithunzi cha manambala chikakufikani pa WhatsApp chopanda dzina la malo komanso chopanda siginecha, musachitumize kwa wina. Imbirani foni achibale kumudzi, muwapemphe apite pa sukulu pomwe adavotera akajambule pepala lomwe lamatidwa. Mulisunge. MEC ikadzatulutsa zotsatira za malo amenewo, mudzayerekeze, ndipo zikadzasiyana mudzandilembere, tidzazitulutsa pano ndi chithunzi chomwe.