Kuoda katundu kunja masiku ano a Shein ndi Temu

Mchemwali, mwafunsa kuti geni yathu yokatenga katundu kunja imayenda bwanji, komanso ngati ikadali ndi phindu pomwe anthu ayamba kugula okha pa foni. Phindu lilipo, koma linasamuka pomwe linali kale.

Kale tinkadyera maso athu. Ndife tinkafika kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam podzera pa Songwe, kapena kukwera basi ya ku Joni kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, n'kubwerako ndi zinthu zoti kuno sizinaonekepo. Mtengo woodera tinkaudziwa tokha. Lero kasitomala amabwera chithunzi chili kale m'foni: "Ndikufuna diresi iyi, mtundu womwewu, saizi 14." Mtengo wake wa m'madola wauona kale pa Shein, imodzi mwa masitolo a pa intaneti monga AliExpress ndi Temu. AliExpress yakhalapo kuyambira 2010. Temu inayamba mu 2022, n'kufika ku South Africa mu 2024, chaka chomwe Amazon inatsegulanso sitolo yake ya pa intaneti m'dzikomo kukalimbana ndi Takealot, sitolo ya pa intaneti ya komweko. Abale athu a ku Joni amagula kumeneko, zithunzi n'kumafika kumudzi tsiku lomwelo. Choncho mtsikana wa ku Ndirande akufuna zomwe waona pa TikTok sabata ino, ndipo ikatha miyezi iwiri mtima wake uli pena. Wooda mabelo a fashoni imodzi masiku ano amagona nawo m'nyumba.

Chomwe kasitomalayo sangathe n'kufikitsa katunduyo m'manja mwake. Ambiri alibe khadi ya Visa, ndipo amene ali nayo amakumana ndi malire a kubanki chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Nyumba zambiri zilibe adiresi yoti wobweretsa phukusi n'kuipeza. Kuwonjezera apo amaopa kuberedwa. Ntchito yathu tsopano ndi imeneyo: kulipira kunjako, kunyamula, kukiliya pa boda, n'kusenza chiopsezo chonse mpaka chinthucho chifike.

Ngati simukufuna kuyenda nokha, zimakhala chonchi. Mumasankha katundu pa masamba oodera a pa intaneti a ku China, pa Alibaba kapena pa 1688 yomwe ndi yotsika mtengo koma ili m'Chitchaina ndipo imafuna ejenti wolipira m'malo mwanu. Wogulitsayo amatumiza katundu ku nyumba yosungira katundu ya kampani yonyamula, nthawi zambiri ku Guangzhou kapena ku Yiwu, mizinda ya ku China, dzina lanu ndi nambala ya foni zitalembedwa pa katoni. Kumeneko amaphatikiza ndi wa amalonda ena. Pa ndege mumalipira pa kilo ndipo amafika m'masabata ochepa. Pa sitima mumalipira malo amene katoni yanu yadya mu kontena, ndipo muyembekezere miyezi iwiri kapena itatu kudzera pa Beira kapena Dar. Mawigi, mawotchi ndi makava a foni ndi a ndege. Mapoto, nsapato zolemera ndi zam'nyumba ndi za sitima. Za mabatire ndi zamadzimadzi monga perefyumu muzifunsiratu, zili ndi malamulo akeake.

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa ndi pomwe mipamba yambiri imafera. Mtengo wa pa intaneti uja ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake ikani za ejenti, zonyamulira, msonkho ndi VAT za MRA, thiransipoti yochokera pomwe katundu watsikira, ngakhale bandulo ya intaneti. Ndipo dola muziiwerengera pa mtengo womwe mudzaipezere pokaodanso, osati womwe munagulira. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndinaona anzathu atagulitsa katundu yense bwinobwino, ndalama zili m'manja, koma zosakwana kudzazanso theka la shelefu. Zinandipweteka, chifukwa anali amayi olimbikira omwe ana awo amaphunzira ndi geni yomweyi.

Pa boda pitani ndi malisiti enieni. Mudzamva za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono; ndi yabwino, koma ndi ya katundu wopangidwa m'maiko mwathu muno yemwe ali pa mndandanda wogwirizana. Nsapato za ku China zogula ku Lusaka sizilowamo. Ndipo wina akati mumupatse kenakake adutsitse katundu wanu mwamseri, kanani. Akagwidwa, wolira ndinu, ndipo mulibe pepala loti n'kudandaulira.

Za saizi musakhulupirire zilembo. XL ya ku China imatha kukhala M yathu. Funsani masentimita a chiuno ndi chifuwa, mutenge tepi muyeze diresi yomwe muli nayo kale. Oda yoyamba ikhale ya zidutswa zochepa, muzikhudze, muchape chimodzi muone ngati chikusuluka. Asanatseke katoni, ejenti akutumizireni vidiyo akuwerenga chimodzichimodzi.

Kugulitsa kwake kuli pa sitetasi ya WhatsApp ndi pa Facebook. Jambulani katundu weniweni ali pa munthu, osati chithunzi cha fakitale, chifukwa anthu anatopa n'kulandira zosiyana ndi zomwe anaona. Wofuna kuti mumuodere apereke theka pa Airtel Money kapena Mpamba, theka linalo katundu akafika, ndipo mumuuziretu tsiku lotalikirapo kuposa lomwe akuuzani onyamula. Za "ndidzapereka kumapeto a mwezi" zisiyeni mpaka mpamba utakula.

Poti mukuyamba kumene, sankhani mtundu umodzi wa katundu womwe inuyo mumaudziwa ubwino wake. Kampani yonyamula musaipeze pa chilengezo. Funsani amalonda omwe katundu wawo anafikadi chaka chino, ndipo mukaone ofesi yake ndi maso musanatumize ndalama.