Za odutsa msewu mwadala ku Alex

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene ku Alexandra (Alex) ndi ku Diepsloot, malokeshoni a kuno ku Johannesburg, munthu amalowera mumsewu galimoto ikubwera, n'kumayenda pang'onopang'ono akukuyang'anani m'maso. Inu mwati ndi mwano basi. Mwano ulipo, sindikukana. Koma ine ndakhala ku Alex zaka zambiri, ndikupita wapansi kuntchito ku Sandton, dera la anthu olemera, ndiye mundilole ndinene zimene maso anga aona.

Mzinda uno sanamangire munthu wapansi. Alex ilipo kuyambira 1912, ndipo boma la tsankho, ndi lamulo lake la Group Areas Act la 1950, linkafuna munthu wakuda m'tauni ngati wantchito chabe, dzuwa likalowa azibwerera kulokeshoni. Mpaka lero msewu wa M1 wagona pakati pa Alex ndi Sandton ngati mpanda, chonsecho m'mawa uliwonse anthu miyandamiyanda amawoloka kukasesa, kukalondera, kukalera ana a eni ake. Mlatho wa apansi wa pa Grayston Drive unabwera mochedwa zedi, ndipo uli mkati momangidwa, zitsulo zake zinagwera pa M1 pa 14 Okutobala 2015, anthu awiri n'kumwalira. Lamulo la pamsewu la 1996 limaletsa wapansi kuyenda mu freeway, msewu waukulu ngati M1, n'zoona. Koma mlatho ukakhala kutali, kapena kukachita mdima n'kukhalako atsotsi, munthu amasankha chimene akuchiwopa pang'ono. M'kati mwa Alex namo, m'mbali mwa msewu mwadzaza mashaki, ogulitsa ndi matakisi. Mwana amakula akudziwa kuti poyenda ndi pa tala pomwepo.

Tsopano za kuyang'ana m'masozo, zimene zakupwetekani mtima. Taganizani za mnyamata amene waima pakona kuyambira mbandakucha kudikira ganyu, magalimoto akudutsa magalasi ali otseka. Pageti mlonda wamubweza. Musitolo amulondola ngati wakuba. Tsiku lonse palibe wamupatsa moni. Akalowa mumsewu inu n'kuponda buleki, kwa kamphindi ako munthu wa galimoto wamuona, wamudikira. Sindikuti amaganiza zimenezi mwatsatanetsatane. Ine ndinazichitapo pa London Road tsiku limene bwana wina anandichotsa ntchito osandipatsa malipiro a mwezi. Sindinafune kufa ayi. Ndinangotopa ndi kupatukira aliyense.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mkwiyo umenewu sufika kwa amene anauyambitsa. Amene amaponda buleki nthawi zambiri ndi mnzathu ngati inu, woyendetsa Uber pa galimoto ya eni ake, amenenso apolisi amamuimitsa kufunsa mapepala. Ndipo galimoto ikalephera kuima, wovulala ndi wapansi yemweyo. Kuno ku South Africa, mwa anthu 10 omwalira pangozi za pamsewu, pafupifupi 4 amakhala apansi. M'gulu lathu lino la Amalawi mukudziwa nokha kangati tasonkha ndalama zoti thupi la m'bale wathu lidutse pa chipata cha malire cha Beitbridge kupita kumudzi.

Ndiye achimwene, mukamalowa ku Alex madzulo a Lachisanu, chepetsani liwiro musanamuone n'komwe munthuyo, ndipo hutala musaimbe mokalipa, imangomuumitsa khosi. Ine masiku ano ndimazungulira pamlatho ngakhale ndichedwe, chifukwa ku Mangochi kuli ana awiri amene akudikira fizi kwa ine.