Mphwanga, ku Paarl "bola" amati liewer

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva, kungoti ndinali m'basi, phokoso. Wati ukufuna kuuza abwana ako a ku famu ya mphesa ku Paarl, ku South Africa, kuti bola uzigwira Loweruka kusiyana ndi Lamlungu chifukwa cha kutchalitchi, koma Chiafrikaans chake chikukukanika. Tamvera bwino.

Mawu amene ukufunawo ndi "liewer". Ndi "bola" wathu yemweyu basi. W wawo amamveka ngati v, ndiye uzitchula ngati "liva". Ukanene kuti: "Meneer, ek sal liewer Saterdag werk as Sondag, asseblief." Ka "as" kali pakatipo ndiye "kuposa" kapena "kusiyana ndi". Kameneko kagwire zolimba, chifukwa kamabwera paliponse pamene ukuyerekeza zinthu ziwiri zosalingana.

Kukonda chinthu amati "hou van". "Ek hou van tee", ndimakonda tiyi. V uja amamveka ngati f, "fan". Usamusiye "van" ameneyu, chifukwa "hou" payekha ndi kugwira kapena kusunga, anthu azingokuyang'ana. Ukafuna kunena kuti tiyi umamukonda kuposa khofi, "Ek hou meer van tee as van koffie." Ukamakana, "nie" amabwera kawiri: "Ek hou nie van koffie nie." Wachiwiriyo amakhala kumapeto kwenikweni, ndipo ambiri a kwathu kuno timamuiwala. Palinso "Ek verkies tee bo koffie", koma ine ndimaona kuti pantchito "liewer" akukwanira.

Tsopano pamene pamavuta ndi apa. Ife timati wamkulu, wamkulu kuposa uje, mawu osasintha. Iwo mawuwo amawawonjezera mchira. "Groot" ndi chachikulu, "groter" chokulirapo, "die grootste" chachikulu pa zonse. "Klein, kleiner, die kleinste." Mawu akathera ndi r amalowetsapo d: "duur", chodula, amakhala "duurder", "lekker", chokoma, "lekkerder". Kusitolo ungati "Vleis is duurder as brood", nyama ndi yodula kuposa buledi. Ochepa okha ndi amene satsata lamuloli, ongowaloweza pamtima: "goed, beter, die beste", komanso "baie, meer, die meeste".

Zinthu zikakhala zofanana, "as" achokepo, pabwere "soos", amene ali "ngati" wathu. Januwale akafika kumeneko udzaona dzuwa lake, udzanena wekha kuti "Paarl is net so warm soos Nsanje." Kuposa ndi "as", ngati ndi "soos", osasokoneza.

Ine zinandipweteka nditangofika, kugwira masiku amene sindinkafuna chifukwa chosowa ponenera, ndiye sindifuna iwe udutse momwemo. Chiganizo cha Loweruka chija uchinene katatu, unditumizire pagulu pompano ndimve katchulidwe kako Lachisanu lisanafike. Amayi akupatsa moni.