Fani ya njinga yanga yamoto yasiya kuzungulira: kodi ndingaisinthe ndekha?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya mateyala atatu yomwe ndimanyamulira matumba a mpunga pakati pa Nkhotakota boma ndi Dwangwa. Injini yake imazizidwa ndi madzi, ndipo masiku ano ikutentha kwambiri ndikaima pamsika ili chilirire, chifukwa fani ya kuseri kwa rediyeta sikuzungulira. Kodi ndingagule ina n'kuika ndekha pakhomo, kapena ntchitoyi ndi ya makaniko basi?
Wowerenga wa ku Nkhotakota

Yankho: Bambo, ntchito imeneyi mungathe kuigwira nokha pakhomo, koma ndikupemphani kuti musathamangire kukagula fani yatsopano musanatsimikize kuti yakaleyo yafadi. Nthawi zambiri chimene chimakhala chitaonongeka ndi kanthu kakang'ono kotsika mtengo, fani ili bwinobwino.

Mukamathamanga pa msewu wa M5, mphepo imadutsa yokha mu rediyeta n'kuziziritsa madzi, choncho fani imakhala ikupuma. Imayaka pokhapokha madziwo akatentha kufika pa madigiri pafupifupi 100, ndipo chimene chimaiyatsa ndi sensa, kachipangizo komva kutentha kwa madzi, yomangidwa pa rediyeta kapena pa injini. N'chifukwa chake vuto lanu likuonekera mukaima, makamaka m'nyengo ya Okutobala ndi Novembala pamene kunyanja kuno kumatentha koopsa. Magetsi opita ku faniyo amadutsa pa fyuzi, pa sensa, ndipo pa njinga zina amadutsanso pa relay, kaswichi koyatsidwa ndi magetsi. Chimodzi mwa zimenezi chikalephera, fani imangokhala chete.

Yambani ndi injini yozizira, makiyi atachotsedwa. Kankhani mapiko a fani ndi chala kuti muone ngati akuzungulira momasuka, popeza kamwala kapena matope ouma amatha kuwagwira. Kenako onani fyuzi, ndipo ngati yapsa ikanipo ina ya nambala yomweyo. Chonde musamangepo kawaya m'malo mwa fyuzi monga amachitira ena, chifukwa kutero kumapsetsa mawaya a njinga yonse. Zulani pulagi ya fani ndipo muyang'ane m'kati mwake ngati muli dzimbiri kapena zobiriwira za chinyezi. Mukatero, tengani mawaya awiri mulumikize faniyo mwachindunji ku batire la mavoti 12. Ikazungulira mwamphamvu, fani ilibe mlandu, ndipo mufufuze sensa, relay kapena waya woduka. Ikakhala chete, kapena ikamazungulira mwaulesi uku ikukwecha ndi kununkha chopserera, apo ndiye yatha ntchito.

Pokagula ina, nyamulani yakaleyo m'manja. Fani zimasiyana kukula, malo a mabawuti ndi maonekedwe a pulagi, ndipo kungotchula dzina la njinga sikokwanira.

Kusintha kwake sikovuta. Masulani kaye waya wa negetivu pa batire, chotsani zophimba zomwe zikutchinga, zulani pulagi, kenako masulani mabawuti atatu kapena anayi omwe agwira chimango cha fani, nthawi zambiri ndi sipanala ya 8 kapena 10. Pamene pakufunika dzanja lofatsa ndi potulutsa faniyo, chifukwa timapepe ta rediyeta ndi ta aluminiyamu wopyapyala kwambiri, moti sipanala ikangotereka timapindika, ndipo kapaipi kakabooka mudzagula rediyeta yonse. Ikani katoni pakati pa rediyeta ndi fani kuti muteteze timapepeto. Ngati malo achepa, masulani mabawuti a rediyeta n'kuisuntha pang'ono osazula mapaipi a madzi.

Fani ikachoka, unikani rediyeta ndi tochi kuchokera kuseri. Kwathu kunyanja kuno timipata take timatsekeka ndi fumbi, mankhusu a mpunga komanso nkhungu zomwe zimamatirira mukadutsa m'gulu lake madzulo, ndipo rediyeta yotsekeka imatenthetsa injini ngakhale fani ikhale yatsopano. Itsukeni ndi madzi othira pang'onopang'ono kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, osagwiritsa ntchito waya kapena msomali.

Mukamanga yatsopano, zungulizani mapiko ndi chala kuti mutsimikize kuti sakukhudza paliponse, ndipo waya wake mumumangire kutali ndi ekizozi. Bwezerani batire, lizani injini, ndipo mudikire mpaka fani iyake yokha n'kuzimanso yokha. Ikamazungulira, ikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta: ngati fani ili kuseri, kapepalako kayenera kukokedwa n'kumatirira. Kakakankhidwa, ndiye kuti mawaya awiri a faniyo atembenuzidwa ndipo fani ikuzungulira chobwerera.

Chotsekera cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amakhala opanikizika ndipo amatumphukira kumaso. Pamene mukudikira kukonza, muzizimitsa injini nthawi zonse mukaima kupakira katundu. Koma ngati mwaona kale utsi woyera wosatha ku ekizozi, madzi akuchepa popanda podontha, kapena oyilo wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, dziwani kuti gasiketi ya pamutu pa injini iyenera kuti yapsa, ndipo imeneyo mupite nayo kwa makaniko musananyamulenso thumba lina.