Bwanji osangokutira chombo cha m'mlengalenga ndi asibesitosi?

Funso: Akonzi, ine ndimawotcherera zitsulo ku Mbare kuno ku Harare. Ndimamva kuti zombo zikamabwerera kuchokera m'mlengalenga zimachita kufiira ndi moto. Nanga popeza asibesitosi wa ku Zvishavane ndi ku Mashava sapsa, bwanji azungu aja sangokutira nayeyo?

Yankho: Bambo, asibesitosi sayaka, n'zoona, koma moto wa kumeneko ndi wina. Chombo chimalowa mumpweya wa dziko chikuthamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Mpweya wa kutsogolo umapanikizika n'kutentha, moti pamphuno ndi m'mphepete mwa mapiko a Space Shuttle ya ku America pankafika madigiri Celsius 1,600, pamene thupi la chombocho, la aluminiyamu, silinkayenera kupitirira madigiri 175. Asibesitosi woyera ngati wa kuno akangofika cha m'madigiri 700 amataya madzi a mu ulusi wake n'kuyamba kunyenyeka. Kulemeranso amalemera. Ntchito yake pa Shuttle inali kwina: ankamusakaniza ndi labala n'kumata mkati mwa maroketi awiri a m'mbali.

Thupi lenilenilo ankalikuta ndi matailosi oposa 20,000 a ulusi wa silika, wochokera ku mchenga. Mbali yaikulu ya thailosi, kuposa 90 peresenti, ndi mpweya wokhawokha, n'chifukwa chake kutentha kumadutsamo mwaulesi. Ikangotuluka mu uvuni, pakati pakadali psuu, munthu amatha kuigwira m'makona ndi zala. Zambiri za kumimba kwa chombo zinali masentimita 15 mbali zonse, zopakidwa galasi lakuda pamwamba.

Vuto lake n'kusalimba. Chala chokha chimaifinya. Ndiye mukudziwa inu amisiri kuti chitsulo chikatentha chimafutukuka. Silika safutukuka kwenikweni. Akanati amate thailosi pa aluminiyamu mwachindunji, ikanasweka. Choncho pakati ankaikapo kansalu kofewa ka Nomex, n'kumata ndi guluu wa silikoni, ndipo pakati pa thailosi ndi inzake ankasiya kampata. Thailosi imamwanso madzi, motero chombo chisanapitenso ulendo wina ankazithira mankhwala oletsa chinyezi.

Pamphuno ndi m'mphepete mwa mapiko, pamene matailosi sakanapirira, ankaikapo mapanelo a kaboni. Apa ndi pamene Columbia, imodzi mwa zombo za Shuttle, inaonera ngozi. Ponyamuka pa 16 January 2003, chidutswa cha thovu louma chosakwana kilogalamu imodzi chinathothoka kuchokera pa thanki ya mafuta n'kuboola phiko lakumanzere. Pobwerera pa 1 February mpweya wamoto unalowera pabowopo n'kusungunula phikolo m'kati, anthu 7 n'kufa.

Zombo zopanda mapiko monga Orion zimatsata njira ina, yomwe zombo zakale za Apollo zinkatsatanso. Kumunsi kwake amamatako chotchinga moto chotchedwa Avcoat. Avcoat imeneyi imapserera n'kumayoyoka pang'onopang'ono, kutentha n'kumapita nayo limodzi. Imapirira liwiro la chombo chochokera kumwezi, makilomita pafupifupi 40,000 pa ola, koma ikagwira ulendo umodzi basi yatha.