Digiri yophatikiza uinjiniya ndi zachuma: kodi mwanayo adzatuluka ali injiniya?

Bambo wina andilembera za mwana wawo wamkazi amene anakhoza bwino MSCE, makamaka masamu ndi sayansi, ndipo pano akumaliza A-Level. Mwanayo wamva kuti kunja kuli digiri zophatikiza uinjiniya ndi maphunziro a zachuma, ndipo mtima wake wakhazikika pamenepo. Nkhawa ya bambowo ndi yakuti mapanga awiri avumbwitsa: mwana angadzabwere asali injiniya weniweni, asalinso katswiri wa zachuma.

Bambo, nkhawa yanuyo ili ndi mutu, koma musamuletse mwanayo musanadziwe kuti akunena digiri iti, chifukwa dzina limodzili likubisa zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Mtundu woyamba ndi wa digiri ziwiri zathunthu zophunziridwa nthawi imodzi. Ku Australia zimenezi n'zofala, ndipo wophunzira amatha zaka zisanu kapena kuposerapo m'malo mwa zinayi. Ku America, University of Pennsylvania ili ndi pulogalamu yotchedwa M&T (Management and Technology), imene inayamba mu 1977, yomwe imapereka digiri ina ya ku sukulu ya uinjiniya ndi ina ya ku Wharton, sukulu yake ya zamalonda. Kulowa kumeneko ndi mpikisano woopsa. Mtundu wachiwiri ndi digiri imodzi imene yatapa mbali zonse ziwiri. Umu ndi momwe amachitira ku Germany, kumene maphunzirowa anayambira ku Berlin m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero sukulu ngati KIT ya ku Karlsruhe ndi yotchuka nawo. Ku Norway, yunivesite ya NTNU ya ku Trondheim ili ndi pulogalamu ya zaka zisanu yofananako. M'mayiko amenewo olemba ntchito amaidziwa bwino digiriyi ndipo amaifuna, koma uinjiniya wa mkati mwake ndi wocheperapo poyerekeza ndi wa munthu amene anaphunzira zamagetsi kapena zomangamanga zokhazokha.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti muime nthawi yaitali. Injiniya si dzina limene munthu amangodzitcha. Kuno kwathu amalembetsa ku Malawi Engineering Institution, ku South Africa ku bungwe la ECSA, ndipo mabungwe oterewa amayang'ana zimene munthu anaphunzira m'kalasi, osati kukongola kwa dzina la digiri. Pali mgwirizano wotchedwa Washington Accord, wa mu 1989, umene mabungwe a mayiko monga Australia, Britain, America ndi South Africa amazindikirana nawo digiri za uinjiniya zovomerezeka. Choncho mwana wanu asanatumize fomu, alembere sukuluyo funso limodzi lolunjika: kodi gawo la uinjiniya la pulogalamuyi ndi lovomerezedwa ndi bungwe la mainjiniya la m'dziko mwanumo? Akayankha mozungulira, dziwani kuti mwanayo akhoza kudzagwira ntchito yabwino ku banki, m'makampani a uphungu kapena yoyendetsa fakitale, koma kusaina mapulani a mlatho kungadzavute. Si choipa ngati ndi zomwe iye akufuna. Choipa ndi kudzazindikira zimenezi atavala kale gauni.

Aonenso mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse. Digiri zambiri za mtunduwu zimatchula zachuma, koma ukatsegula upeza kuti zambiri ndi kayendetsedwe ka kampani, maakaunti ndi malonda. Amene akulota zodzagwira ntchito ku Reserve Bank kapena ku unduna wa zachuma akufunika maphunziro ena, ozama pa masamu ndi kusanthula ziwerengero.

Za ndalama ndinene mwachidule. Sukulu zambiri za boma ku Germany sizilipiritsa fizi, koma chigawo cha Baden-Württemberg, kumene kuli KIT, chimalipiritsa ochokera kunja kwa European Union ma euro 1,500 pa semesita kuyambira mu 2017, ndipo viza imafuna umboni wa ndalama zodyera zoposa ma euro 11,000 pa chaka. Norway inayamba kulipiritsa ophunzira ochokera mayiko ngati lathu mu 2023. Digiri zoyamba zambiri za ku Germany ndi ku Norway zimaphunzitsidwa m'chinenero cha dzikolo, ndiye muwerengerenso nthawi yochiphunzira.

Chimene mwana wanu waona ndi chenicheni, ndipo ndikufuna muchimve. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. Kukonza damulo inali ntchito ya mainjiniya, koma panali mafunso ena ambiri: ngongole yake ichokera kuti, majenereta a dizilo atidyera zingati, magetsi a dzuwa a ku Salima tiwagule pa mtengo wanji ndi kwa zaka zingati. Ku EGENCO, ESCOM, MERA, Roads Authority ndi m'mabungwe a zamadzi, mafunso oterewa amabwera tsiku ndi tsiku, ndipo munthu womva chinenero cha makina ndi cha ndalama yemwe ndi wofunika kwambiri.

Ndikanakhala inu, ndikanamulimbikitsa kuti maziko akhale uinjiniya. Chifukwa chake n'chakuti uinjiniya suphunzirika mosavuta munthu atakula kale: umafuna labotale, wekishopu ndi maphunziro otsatana, loyamba kutsegulira lachiwiri. Zachuma zimatheka kuonjezera pambuyo pa digiri yachiwiri, ndipo masamu a injiniya amamuthandiza kwambiri kumeneko, ngakhale sukulu zina zimayamba zamupatsa maphunziro okonzekera. Mwana amene wamaliza zaka zisanu ku MUBAS, kapena uinjiniya wa ku MUST, n'kugwirako ntchito pang'ono, akhoza kufunsira maphunziro aulere monga Chevening, Commonwealth kapena DAAD, amene amapezeka kwambiri pa digiri yachiwiri kusiyana ndi yoyamba.

Ndi iwe mwana wanga, ngati bambo akuwerengera yankholi: digiri ziwiri nthawi imodzi zimatanthauza mayeso ochuluka ndi tchuthi chochepa, ndipo ukadzafooka pa mbali imodzi zonse zimachedwa. Ukapeza pulogalamu ya digiri ziwiri zathunthu, uinjiniya wake uli wovomerezeka, ndalama zake n'kupezeka, pita usacheuke. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikusowa, sankha nthambi ya uinjiniya imene umaikonda kwambiri, zachumazo uzidzaziphunzira uli kale ndi nambala yako ya kaundula wa mainjiniya.